Khomo la Kuseri ku Area 43

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene mwana wanga Limbani anasankhidwa kupita ku koleji. Misomali ndi maloko zimene ndinkagulitsa mu Msika wa Lilongwe sizikanatha kulipira fizi. Ndinasiyira mlamu wanga benchi n'kukwera basi.

Kumeneko ndinali wam'munda panyumba ya azungu. Ndinkalowera kuseri, kudyera kuseri, kugona m'kachipinda ka makasu. Poyamba ndinkasungulumwa kwambiri, kenako ngakhale kusungulumwako kunatha. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama, Limbani n'kuimba foni. Ankati akuphunzira sosholoje, maphunziro a kakhalidwe ka anthu: mabanja, zipembedzo, ndi chifukwa chake ena amakhala pamwamba ena pansi. Ndinkamuseka kuti zimenezo ndikanamuphunzitsa ndekha kwaulere.

Nditabwerera, ndinapeza benchi ija ili ndi mwini wina, Limbani atamera ndevu. Anandiuza kuti ali ndi chibwenzi, mtsikana wa ku Mzimba yemwe ankaphunzira naye, ndipo makolo ake, akuluakulu a m'boma, akufuna kundiona Loweruka ku Area 43. Ankalankhula akuyang'ana zikhatho zanga zong'aluka. Ndinadziwa kuti akuopa kuti ndikamuchititsa manyazi.

Iye anatsogola, ine ndinatsatira masana nditavala jekete. Mlonda atatsegula geti, ndinaona kapinga, galimoto ziwiri ndi galu, ndendende ngati kwa abwana anga a ku Joni aja. Miyendo inandipititsa yokha. Ndinadutsa khomo lakumaso, n'kukaima pakhomo la kukhitchini, chipewa chili m'manja.

Munatuluka mayi wovala magalasi, mwini nyumba.

"Mwabwera za kapinga? Lero tili ndi alendo, bambo. Mubwere Lolemba."

Kumbuyo kwawo, m'khitchinimo, munali Limbani, tambula ili m'manja. Tinayang'anana. Ndinamupatsa mpata woti alankhule, koma iye anayang'ana m'tambulamo.

"Chabwino, madamu," ndinatero.

Sindinakwiye, sindinamvenso chisoni. Ndinayenda wapansi mpaka pamsewu waukulu pamodzi ndi antchito ena oweruka.

Madzulo Limbani anabwera n'kuyamba kufotokoza kuti si vuto la munthu mmodzi ayi, ndi mmene dziko linagawira anthu m'magulu, anaphunzira zimenezi chaka choyamba. Anafotokoza bwino, ndalama zanga sizinapite pachabe. Kenako anandichonderera.

"Ababa, munene chinachake."

Ndinamufunsa ngati pakhomo paja ali ndi makina otchetchera, kapena Lolembalo ndikatenge chikwakwa changa.