Perpetua Alonga Ufumu Mwana Wamasiye

Perpetua, mayi wa ku Ntcheu wokhala ku Highfields mumzinda wa Leicester ku England, ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Anali wa phwete. Akaseka kukhitchini, agogo a m'zipinda zam'mwamba ankayamba kuseka nawo, nkhani osaidziwa.

Za mafumu a ku England analibe nazo ntchito mpaka mu 2018, tsiku lina akumeta ndevu a Dunstan, nkhalamba imene kale inkayendetsa basi. A Dunstan ankanyadira Mfumu Richard, amene mafupa ake anapezeka pansi pa malo oimikapo magalimoto mu Leicester momwemo.

"Nanga ufumuwo anaupeza bwanji?" anafunsa Perpetua.

A Dunstan anati unali wa Edward, mwana wa mkulu wake wa Richard, wa zaka khumi ndi ziwiri. Bambo ake atamwalira mu 1483, mwanayo anangolamulira miyezi iwiri, chisoti chaufumu osachivala n'komwe. Bambo ake aang'onowo anamuika m'linga ku London pamodzi ndi mng'ono wake, ndipo anawo sanaonekenso.

Perpetua anaponya lumo m'beseni. "Kulanda chuma cha ana amasiye! Mpaka kunonso? Ndiye inu agogo mukumuombera m'manja?"

Sabata yonse nkhani inali yomweyo, m'basi, kutchalitchi, ngakhale pafoni ndi achemwali ake kumudzi, amene anafunsa ngati mwambo wa maliro wachitika kale. Kenako anakagwada kwa abwana kuti alole sewero loti mwanayo alongedwe ufumu m'chipinda chodyera.

Wosewera Edward anakhala mayi Hawabai, gogo wamfupi wachimwenye wa panyumbapo, wobadwira ku Limbe, amene Chichewa chinali chikadali pakamwa. Perpetua anathamangira ku Belgrave Road kukagula nsalu yonyezimira, chisoti n'kupanga cha katoni, chomata zibangili. A Dunstan anavomera kukhala Richard, bola pamapeto alande chisoticho.

Tsikulo njinga za okalamba zinandondozana m'khonde. Chisoti chitakhala pamutu, Perpetua anaimba nthungululu yoti nesi anatulukira akuthamanga, kuyesa belu la moto.

A Dunstan anasendera pang'onopang'ono, n'kutchula mawu a Chichewa amene Perpetua anawaphunzitsa: "Mwana iwe, patse chisoti!"

Mayi Hawabai anachigwira ndi dzanja limodzi, linalo n'kukweza ndodo. "Mwana ndani? Ndinabadwa iwe kulibe. Choka apa!"

"Mbiri sinena choncho!" anadandaula a Dunstan m'Chingerezi, akuyang'ana Perpetua. Koma iye anali atakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe, kuseka mpaka mpweya kumuthera.

Mfumu yatsopanoyo inalamula pomwepo kuti tiyi azikhala wothira masala, zokometsera zachimwenye, ndiponso kuti gofu asaonekenso pa TV. Okalambawo anavomereza ndi m'manja. Chisoticho sichinachoke pamutu mpaka Khirisimasi, kupatula posamba.

Abwana ataona izi anapatsa Perpetua ntchito yoyang'anira zisangalalo. Mwezi wotsatira anayamba kuphunzitsa okalambawo chimtali, ali chikhalire.