Bokosi la Pageti ku Balaka

Tsiku limene ndinatsimikiza zopita ku Dubai kunali dzuwa la Okutobala, lija lowotcha ngakhale uli pamthunzi. Nyenje zinkalira mumtengo wa mango, chigayo chakuseri kwathu chikugunda. Panali patatha chaka chimwalirire mkazi wanga. Ndinapemphera pakhonde, kenako ndinatenga chidutswa cha lata n'kukhoma bokosi la makalata pageti.

Mwana wanga Tiyamike, amene anali Sitandade 6, ndinamusiya m'nyumba yathu ndi amalume ake, alamu anga a Makwinja, ndi akazi awo. Foni pakhomopo inali ya alamuwo basi, ndipo ine ndinkafuna mwanayo akhale ndi mawu anga akeake. Tinagwirizana ndi mlembi wa mpingo kuti akakatenga makalata kupositi, anga aziponya m'bokosimo.

Ku Dubai ndinkayendetsa basi ya ana asukulu ku Oud Metha. Tinkagona chipinda chimodzi ku Al Mankhool, amuna okhaokha pamabedi osanja. Ndalama ndinkatumiza kwa alamu pafoni mwezi uliwonse, osaphonya. Koma Lamulungu ndikachokera kutchalitchi, anzanga atapita kokayenda, ndinkasungulumwa kwambiri. Pamenepo m'pamene ndinkalembera Tiyamike.

Patapita miyezi ndinamufunsa pafoni ngati akuwerenga makalata anga.

"Makalata ake ati, ababa?" anatero Tiyamike. "Ine ndimangoti mwatanganidwa. Palibe vuto."

Palibe vuto ameneyo anandilasa. Mwana anali atayamba kuzolowera zoti bambo ake anamuiwala.

Mlembi wa mpingo anandiuza kuti kalata iliyonse ankaiponya m'bokosi ndi dzanja lake. Sindinatchule dzina la munthu. Chimene maso ako sanaone sulumbirira, makamaka uli kutali chonchi, mwana wako akudya pakhomo pomwepo.

A Tembo a ku Chipata, amene ankagona bedi yapamwamba pa ine ndipo ankakonda kusakaniza timawu ta Chiarabu, anati, "Mudala, gulani loko yaikulu, khalas, nkhani yatha."

"Nanga kiyi asunga ndani?"

Anaseka. "Ndiye yalla, pitani mukagonemo nokha m'bokosimo."

Ndinalingalira masiku angapo ndili pachiwongolero. Wotenga kalata yochokera ku Dubai safuna mawu, amaganiza kuti mu envelopu muli ndalama. Choncho ndinasiya maenvelopu. M'kashopu kena ku Bur Dubai ndinagula makhadi a zithunzi, aja olemba kumbuyo n'kungomata sitampa, opanda pobisa kanthu. Ndinkalemba zilembo zikuluzikulu: za ana a m'basi yanga, za mabwato owolotsa anthu pamtsinje wa mumzindawo, ndi vesi limene amayi a Tiyamike ankalikonda. Wofuna kuwerenga awerenge.

Khadi loyamba linafika. Ena onse anafikanso. Mpaka lero ndimanyadira kuti nkhani imeneyo ndinaithetsa osakalipira munthu, osaitanitsa bwalo, ndipo mwana wanga sanagonepo ndi njala chifukwa cha mkwiyo wanga.

Ndinabwerera Tiyamike ali Fomu 2. Bokosi lija linali litachita dzimbiri koma lili pomwepo. Ananditulutsira makhadi onse m'buku la nyimbo la amayi ake, bukulo litafufuma, losatsekeka.

M'mawa mwake alamu ndi akazi awo anabwera kudzakhala pansi pakhonde, ine ndisanafunse kanthu.

"Alamu, makalata aja tinkatenga ndife," anatero a Makwinja, maso ali pansi. "Tinkati mukumutumizira mwanayu ndalama mobisa, chonsecho omuphikira ndife. Tikatsegula n'kupeza mawu okhaokha, manyazi ankatigwira, basi n'kuponya pamoto."

Akazi awo anati, "Makhadi aja tinkayamba kuwerenga ndife, alamu. M'pamene tinadziwa kuti kunjako munalidi nokha."

Ndinaona kuti kwathu munthu akapita ku Dubai amasanduka chikwama. Palibe amene ankaganiza kuti ndingagule sitampa pongofuna kucheza ndi mwana wanga. Makalata oyamba aja sadzabwerera, ndipo m'kalata ina ndinalembamo mmene ndinakumanirana ndi amayi ake kukwaya. Koma ndinayang'ana Tiyamike ataima pakhomo, wamtali, wathanzi, tsitsi lake lolukidwa ndi manja a akazi a Makwinja omwewo. Amene anandibera ndi omwenso anandilerera mwana.

Ndinawakhululukira.