Phulusa kuseli kwa bafa la amalume

Loweluka ndinapita ku Ndake kukaona amalume anga. Ndinapeza akazi awo, amake Dalitso, akuwaza phulusa kuseli kwa bafa. Pansi panali mzele wa nyelele zakuda, zomwe zija timalimbana nazo m'kabati.

Inetu nyelele sindizida kwenikweni, ngakhale zinandiwonongela botolo lonse la uchi. Tinthu timeneti sitiyenda chisawawa. Imodzi imatsogola kukafufuza. Ikapeza chotsekemela imabwelela kuuna ikusiya fungo m'njila, zinzake n'kumatsata. Mukapha zimene mukuzionazo mwangopha antchito, make ali phee pansi pa nthaka akuikila mazila. N'chifukwa chake ine ndikaona mzele ndimautsata, ndione chaziitana.

Ndinautsata. Sunalowele kukhichini kapena kunkhokwe. Unakathela pakona pamene amalume amatayila madzi.

Ndinatembenukila kwa amake Dalitso.

"Amai, zimenezi zinayamba liti?"

"Nthawi yotola thonje," anayankha monong'ona. "Amalume ako madzi akumwa ngati ng'ombe, thupi likungotha. Ndimaona, mwanawe. Koma ndingayambe bwanji kuuza mwamuna wanga kuti mkodzo wake ukuitana nyelele? Ndiye ndimangowaza phulusa alendo asanaone."

Musawaseke. Kodi ambilife sititelo? Bambo akuonda ife tikuona, timati ndi ntchito ya kumunda. Lamba akuboola mabowo atsopano, timati ndi ukalamba. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma nanga wamva m'mimbayo akamachita manyazi, ena tonse tizingokhala chete poti ndi ulemu?

Ndisaname, nyelele si adokotala. Nthawi zina zimangofuna chinyontho. Matenda a shuga amadziwika poyezetsa magazi basi. Koma zikamabwelela pamalo amodzimodzi phulusa lili pomwepo, ine ndimachita mantha, chifukwa shuga amadya munthu mwakachetechete.

Ubwino wake, mwana wa mlongo salephela kuyankhula ndi amalume ake. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akukonza mpini.

"Amalume, Lolemba tipite kuchipatala ku Nyimba mukayezetse shuga."

"Iwe, wakuuza ndani kuti ndikudwala?"

"Nyelele."

Ndinayembekezela kukalipilidwa. Iwo anaika mpini pansi, n'kuyang'ana kukhichini ngati akazi awo akumva.

"Nanenso ndinaziona kalekale," anatelo. "Ndimazifotsela ndi phazi kuti amake Dalitso asade nkhawa."

Misozi inandilengeza, abale. Anthu awili okondana, nyumba imodzi, wina ndi phulusa wina ndi phazi, aliyense kubisila mnzake chinthu chimodzimodzi.

Lolemba tinapita atatu. Shuga anapezekadi, ndipo amalume ayamba mankhwala. Pobwela amake Dalitso anawakalipila njila yonse, atawagwila dzanja.

Nanga inu, kwanuko mukuwaza phulusa pa chiyani?