Mkulu Woyamba ndi Phazi

Kuno ku Chikweo tili ndi mkulu wina wosoka maukonde chibwerereni kunkhondo yaikulu ija ya ku dziko la Bama. Wowanyoza ayambana ndi ine! Ukawadandaulira za mwanabere, iwo sagwira chotupacho. Amangoti, "Tandionetsani phazi."

Chaka chatha mlongo wanga Enelesi anatupa m'mphechepeche. Amalume ananola lumo lotemera mphini, achibale n'kumati mwamuna wake wamulodza, achoke pamudzi. Inenso chibonga ndinali nditatola kale.

Mkuluyo atafika, anatembenuza chala cha kuphazi cha Enelesi. "Iyayi, anthuni! Mfiti yanu nayi, thekenya lachita mafinya. Mwanabere amangokuuzani kuti pena pali chilonda."

Analichotsa ndi singano, n'kutsukapo ndi madzi amchere. Patatha masiku anayi chotupa chinaphwa, Enelesi n'kupita kukathyola thonje. Alamu alipobe, ndipo chibonga changa alamuwo anachisonkhera pamoto ine ndikuona.