Tsiku limene kompyuta inanditulutsa ziwanda

Ndikamafotokoza nkhaniyi anthu amati ndikuthira mchere, koma pa msinkhu wangawu bodza lingandipindulire chiyani? Zinandichitikira ine ndemwe, masanasana, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndikugwira ntchito yotayipa pa ofesi ina ku Domasi.

Chaka chimenecho mwayi unandigwera. Ndinasankhidwa kukachita maphunziro a usekilitale kunja kwa dziko, ine amene ngakhale ku Lilongwe ndinali ndisanapondeko. Tsoka lake uthengawo unachedwa m'njira, unandipeza Lachinayi, pamene eni sukulu ankafuna yankho langa pofika Lachisanu, apo ayi malowo apatsa wina. Za ku positi zinali zosatheka. Abwana anga, munthu wabwino koma wa phuma, anati tiyankhe pa imelo. Anali ndi kakompyuta kopinda ngati buku, kaja timati laputopu, ndipo masiku amenewo kuti katumize uthenga, umazula waya ku foni ya padesiki n'kuulowetsa m'mbali mwake. Anandionetsa podina, n'kundichenjeza kuti kakayamba kulira ngati mwana wa nkhumba ndisaope, ndiye kuti kakulumikiza. M'mawa mwake ananyamuka ulendo wa ku msonkhano ku Blantyre, ndipo anzanga a mu ofesi anapita kumaliro ku Naisi. Ndinatsala ndekha.

Ndinatayipa yankho langa, kulowetsa waya, kudina. Kanaliradi, kenaka zii, n'kulemba kuti kalephera. Ndinazula wayayo, kuuzira fumbi, kubwezera, koma zomwezo. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Ndinabwezera waya ku foni kuti ndimve ngati ikugwira, ndipo inkagwira bwinobwino. Nanga vuto n'chiyani? Apa n'kuti mayi anga atalengeza kale Malemia yense kuti mwana wawo akwera ndege, ndiye ganizirani manyazi amene ankandidikira.

Nditayesanso, pakati pa kulira kuja ndinamva kupuma. Kupuma kwa munthu, abale anga, m'kati mwa kompyuta! Kenaka munatuluka mawu aukali a munthu wamkazi, akufunsa kuti ndiwe yani ndipo ukufuna chiyani. Tsitsi linandiima. Wanzeru akanathawa pomwepo, koma ine ndege inali itandilowa m'mutu, choncho ndinadinanso. Ulendo uno mawu aja anachita kukuwa kuti choka mzimu woipa, bwerera kumene wachokera, pano sudutsa. Nditamva zakuti pano sudutsa ndinangoti basi, alipo wanditsekera njira. Ndinaimirira n'kuyamba kupemphera mokweza ndikuloza kompyutayo, iyonso ikundidzudzula osalekeza, mpaka munayamba kumveka gulu la amayi likuimba nyimbo ya kutchalitchi. Kodi mfiti zimaimba nyimbo za Mulungu? Funso limenelo ndikufunsa lero, tsikulo ndinangoliyatsa liwiro, nsapato kutsala pansi pa desiki.

Ndinalunjika ku nyumba ya abwana, imene inali kuseri kwa ofesi, kuti mwina ndikapezeko munthu. Ndikuyandikira, ndinamva nyimbo yomwe ija ikuchokera m'nyumbamo. Nditasuzumira pakhomo ndinaona amayi a nyumba zoyandikana atagwada pabalaza, foni ili pansi yosatseka, mchere utawazidwa mozungulira. Pawindo panali apongozi awo a abwana, mayi wachikulire amene anali atangobwera kumene kuchokera kumudzi kudzaonetsa maso kuchipatala. Dzanja lina anagwira waya wochokera papolo, lina mpeni wosendera chinangwa. Wayawo ukanaduka, okonza mafoni tikanawadikira mwezi wathunthu.

Sindinaodire n'komwe. Ndinalumpha amayi ogwadawo n'kukagwira mkono wa mpeniwo, ndikuchonderera kuti amayi pepani musadule, chiwandacho ndine. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapazi anga opanda nsapatowo, n'kunena kuti chinthuchi chakhala chikuchita ngilingili chokha kuyambira m'mawa, akanyamula akumva kulira kwa kumanda, ndipo iwo salola kuti chiwaphere adzukulu ali maso. Apo m'pamene zinandilowa. Foni ya kunyumba ndi ya ku ofesi zinali pa waya umodzi. Ine ndikadina, yawo inkalira pang'ono, iwo n'kunyamula, ndipo kunyamulako n'kumene kunkadula uthenga wanga. Akazi a abwana ankadziwa kuti ikalira choncho sanyamula, koma anali ku ntchito, ndipo mlendoyo panalibe anamuuza.

Kuseka kwake! Mayi wina anachita kugona chagada, misozi ili mbwembwembwe. Apongoziwo okha sanaseke. Anavomera kutseka foniyo, koma anati akufuna akachione ndi maso awo odwalawo chinthu cholira chotero. Tinapita tonse ku ofesi pamzere, iwo patsogolo, mpeni ukadali m'manja. Nditadina, kanalira, iwo n'kundifinya mkono mpaka kundisiyira zikhadabo, kenaka kanalemba kuti uthenga wapita. Ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana, iwo akundisisita pamsana n'kumati mwaona ana inu, chatuluka, pemphero silipita pachabe. Sindinawatsutse, ndipo mpaka lero sindiwatsutsa.

Ndegeyo ndinakwera, ndipo ntchito imene ndinapeza nditabwerako ndi imene yaphunzitsa ana anga onse. Za mfiti sindinganene kuti kulibe, koma chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti zambiri zotiopsa amakhala munthu mnzathu amene nayenso akutiopa. Choncho inu obweretsa zipangizo zachilendo pakhomo, muziyamba mwawafotokozera akuluakulu a m'nyumbamo, ngakhale alendo ogona masiku ochepa. Ine tsogolo langa linatsala pang'ono kudulidwa ndi mayi wabwino amene ankangoteteza adzukulu ake.