Bango la ku Meluluca

Nthawi ya nkhondo ndinkaphunzitsa ku Meluluca, ndipo mabuku kunalibe. Ndiye ndinkatenga ana kupita nawo kudambo la kuseri kwa sukulu, komwe kamtsinje kamathira m'nyanja. Ndinkawaonetsa tiana ta nsomba tikubisala m'mizu ya bango, ndi madzi amatope akulowa uku n'kutulukira uko ali mbee. Ine pakamwa sipatseka, ndimadzidziwa. Ndinawauza kuti bango likapsa nsomba zimasowa poswanirana, komanso kuti nkhondo ikadzatha boma lidzafuna anthu osamalira madambo. Mtsikana wina, mwana wa msodzi wa ku mishoni, anaigwiritsitsa nkhaniyo. Ankati ntchitoyo ndi yake basi.

Kenaka asilikali analamula kuti bango lonse lipse, poti zigawenga zinkabisalamo. Tsiku lomwe anafika pa boti ndi mafuta, mtsikanayo anawatsekera njira, n'kuuza mkulu wawo kuti aphunzitsi anati bango satentha.

Asilikaliwo anandiitanitsa. Masiku amenewo munthu wonenedwa kuti akuikira kumbuyo zigawenga ankakwezedwa boti, osaonekanso. Mkuluyo anandifunsa m'Chipwitikizi, mofatsa, kuti bangolo ndikusungira ndani. Ndinati nsomba. Sanaseke. Ndinafotokoza za mazira, za matope, ndipo ndinkadzimva ndekha ngati mwana wogwidwa ndi mango akuba. Iye anati ngati ndi za nsomba zokha, ndisonkhanitse ana ndiwauze kuti ndinalakwitsa.

Ndinawauzadi, iye ataima pakhomo. Bango linapsa masana omwewo, akakowa akuzungulira mu utsi. Asilikali anapita, koma mantha anatsala. Ndikamva injini panyanja, choko chinkandigwa m'manja.

Mayeso atayandikira, mtsikana uja anatsalira anzake ataweruka. Chichitikireni zija anali asanandilankhule. Anaima pafupi ndi tebulo, maso ali pansi, chala chikukanda thabwa.

"Apulofesoro," anatero, "pa mayeso tikalembe ziti, zakudambo zija kapena zomwe munanena asilikali ali pakhomo?"

Ndinasuzumira kaye pawindo, ngati panali womvetsera. Mapepala a mayeso ankapita kuboma, ali ndi dzina la mwana pamwamba, ndipo ndinkadziwa bwino zomwe iye akanalemba. Ndinamuuza kuti asadandaule, funso la bango silibwera. Mafunso ndinkakonza ndine, ndipo ndinali nditalichotsa kale.