Gawo Limene Enelesi Anasankha

Enelesi, yemwe ndinamuphunzitsa sitandade 7, amayendetsa kachipinda ka magemu pamsika wa Nathenje. Anamusiyira ndi mchimwene wake popita ku Joni, ndipo n'komwe kamadyetsa iye ndi mwana wake. Enelesiyo sanasewerepo gemu. Amangotchaja batire, kupukuta fumbi ndi kuleretsa ndewu.

Mwezi watha makina ake anawonongeka. Wokonza wa ku Mitundu anati m'makinamo tsopano mungalowe gawo limodzi lokha la gemu yomenyana imene anyamata a kabaza amaikonda. Atamva, anyamatawo anamuzungulira Enelesi.

"Asisi, ikani gawo lachitatu," anatero Noah, wamkulu pagululo. "Gawo lachisanu ndi la ana, umangodina paliponse n'kupambana."

"Akutero poti ndimawakwapula," anayankha Calvin. "Anthu a m'lachitatu amaoneka ngati zidole zadothi. Mukaika limenelo, ife tisamukira ku magemu a kwa Petro kutsidyaku."

Enelesi anasowa mtendere sabata yonse. Pomaliza anasankha lachitatu, chifukwa a Noah amabwera ngakhale m'dzinja.

Loweruka anayala mabenchi onse. Pofika masana, limodzi lokha linali ndi anthu, ndipo kuseka kwa Calvin kunkamveka kutsidya kwa msewu. Enelesi anaima pakhomo, maso ali komweko.